Amalume Anagwa pa Mafoloko Lachiwiri, Lachinayi Ndinakwerapo Ine

Lachiwiri lapitali, dzuwa lisanafike pamutu, amalume anga Che Kasimu anagwa kuchokera pamwamba pa khoma la shedi imene tikumanga kuno ku Mangochi. Sanagwe pa makwerero kapena pa nsanja. Anagwa pa mafoloko a thalakitala.

Pepani owerenga, sabata ino ndilibe nkhani yoseketsa. Ndayesa kulemba zina, koma mtima wakana.

Pano ali gone m'chipatala, fupa la ntchafu litathyoka. Chimene chikuwadya mtima si mwendowo ayi. Akudandaula malo awo pantchito, chifukwa ntchito imeneyi ndi imene ikudyetsa nyumba yawo ndi nyumba ya amayi anga mpaka nyanja itadekha. Malowo anandituma ine kuti ndiwasungire. Ndikuuzani mmene ndawasungira.

Mwina ena simunawaonepo mafolokowa. Pali mathalakitala ena okhala ndi mikono iwiri yachitsulo kutsogolo, ndipo kumapeto kwa mikonoyo kuli mano awiri aatali, osalala ngati tebulo. Amenewo ndiwo mafoloko. Ntchito yake ndi kutsitsa matumba a simenti ndi mabuloko pa lole. Amakwera, amatsika, amapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, malinga ndi mmene dalaivala wagwirira kachitsulo kali pambali pake. Anawapangira katundu. Thumba la simenti likagwa limang'ambika, anthu n'kuwola simentiyo ndi fosholo, ntchito n'kupitirira.

Ife kuno tinawapezera ntchito ina. Timagonekapo thabwa, pathabwapo n'kuimikapo munthu.

Amalume si mmisiri wa manyumba kuyambira kale. Ndi msodzi wa ku Lungwena, ndipo anayamba kupalasa bwato ine ndisanabadwe. Koma mphepo ya mwera ikalimba, nyanja n'kukana anthu, amakokera bwato wawo pamchenga n'kubwera ku boma kudzagwira ganyu. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kupaka pulasitala, ndipo dzanja lawo ndi loongoka. Chaka chino ananditenga ine. Atandifikitsa kwa kapitawo wathu, Che Mbwana, anandiyamikira motere: "Uyu ndi mphwanga Twaibu. Sasuta, samwa, ndipo sayankha akulu."

Che Mbwana anagwedeza mutu n'kunena kuti oterewo ndi amene akufunika. Ine ndinanyadira tsiku limenelo. Lero mawu omaliza aja akundiwawa.

Shediyi ndi ya munthu wina wogula nandolo ndi chimanga, amene sakhala kuno. Makoma anatha, malata anakhomedwa. Chinatsala ndi kupaka pulasitala pa khoma la gebulo, paja pamasongoka pansi pa denga, pamene munthu sangafike ataima pa mgolo. Mwa nthawi zonse pamafunika nsanja ya mitengo ya bulugama, yokumbira pansi ndi yomanga bwino. Koma mitengoyo inayenera kuchokera kumtunda, cha ku Namwera, ndipo thalakitala imene inabwera kudzatsitsa mabuloko inali chiimire pomwepo.

M'mawa wa Lachiwiri lija Che Mbwana anayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Khoma ili lithe sabata ino. Eni ake akubwera Loweruka."

Mmodzi wa amisiri anafunsa kuti, "Nanga nsanja?"

"Nsanja ya chiyani, a Banaba ali pompano ndi ndege yawo?"

A Banaba ndi dalaivala wa thalakitalayo, bambo wa ku Malindi, wokonda nthabwala. Anayankha ali pampando kuti, "Ndege yanga ndi yaulere, koma mukadwala chizungulire musandisanzire pamutu."

Anthu anaseka. Kenaka anandituma ine kukatenga thabwa.

Linali thabwa la boti lakale, lokhuthala, lolimba ndithu. Vuto lake linali kutalika. Nditaligoneka pa mano awiri aja, linatsala kotuluka uku ndi uku, mbali iliyonse ngati mkono wathunthu wopanda chochirikiza pansi. Ndinaliona ndi maso angawa. Ndinaonanso kuti silinamangidwe. Chingwe chinalipo, chabuluu, chimene timatungira madzi pa chitsime cha kuseri.

Ndinalankhula, koma mmene ndimalankhulira ine, mawu amathera m'kolala ya malaya. Ndinati, "Kodi sitimangako kachingwe?"

Anamva ndi amalume okha. Anandiyang'ana akupinda thalauza n'kunena mokweza kuti onse amve: "Iwe Twaibu, ine ndimaimirira pa bwato mafunde akumenya, manja onse ali pa ukonde. Ndiye kathabwa kali pamtunda aka kandiopse? Mwana uyu sukulu inamuchotsa mafupa."

Anaseka onse. Nanenso ndinaseka, owerenga. Ndinaseka kuti ndisaoneke wamwano.

Anakwera ndi beseni la matope a simenti, a Banaba n'kuwanyamula mpaka pansi pa malata. Anapaka chigawo choyamba bwinobwino, akuimba kanyimbo kawo ka Chiyao. Atamaliza pamene dzanja limafika, panafunika kusuntha. Zoyenera zinali kuwatsitsa kaye, thalakitala isunthe, kenaka kuwakwezanso. Koma zimenezo ndi zochedwetsa, ndipo matope amauma. Amalume anakuwa ali pamwamba pomwepo, ngati akuuza wopalasa mnzawo: "Banaba, bwerera pang'ono ulowerenso cha kumanja!"

A Banaba anabwerera. Tayala lakutsogolo lakumanzere linaponda pamene tinakumba ngalande sabata yatha n'kukwirira ndi mchenga. Linatitimira pang'ono chabe, mwina zala zinayi. Pansi, zala zinayi si kanthu. Pamwamba paja, thabwa linapendekera kumanzere.

Apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri. Amalume sanalakwitse chifukwa cha mantha kapena umbuli. Anachita chimene msodzi aliyense wodziwa ntchito yake amachita. Bwato ukapendekera kumanzere, iwe umaponya thupi kumanja, madzi n'kuubweza. Thupi lawo linachita lokha zimenezo, iwo asanaganize n'komwe. Anaponda kumanja, kumapeto kwa thabwa, kumene kunalibe chitsulo pansi. Mbali ina inatukuka. Iwo anatsogola, beseni linawatsatira.

Sanalire. Titawafika anangoti, "Mwendo, mphwanga. Usaugwire."

Tinawanyamulira pa chitseko n'kuwaika m'galimoto ya munthu wina wogula nsomba amene anaima kuti aone. Kuchipatala anawajambula, n'kuwamanga mwendo ku chitsulo cha bedi, kumapazi kukulendewera zolemera. Tinafunsa ngati adzathe kuimiriranso pa bwato. Adokotala anati tiyambe taona kuti fupa ligwirana bwanji.

Kuyambira tsiku limenelo ndamva mawu amodzi okhaokha kwa aliyense wobwera kudzazonda: zinalembedwa. Linali tsiku lawo. Tithokoze kuti sanamenyetse mutu. Amayi anga, amene ndi mlongo wawo, akhala akunena Alhamdulillah kuyambira pa geti mpaka pa bedi, ndipo nanenso ndikuthokoza kuti ali moyo.

Ine si shehe. Ndinangophunzira pang'ono ku madrasa ya kumudzi, ndipo ndikupempha akuluakulu andikhululukire ngati ndikulowa posayenera. Koma sindikumbuka tsiku limene anatiphunzitsa kuti tisiye kumanga thabwa chifukwa zonse zinalembedwa kale. Chingwe chinali pa chitsime. Kukachitenga kunali kuyenda mapazi ochepa. Kodi tikamati zinalembedwa, tikulemekeza Mulungu, kapena tikungomusenzetsa ulesi wathu?

Tapitani ku dooko lililonse la asodzi, kuyambira ku Lungwena mpaka ku Makanjira, mukaone thandala loyanikira usipa. Mphanda zake amazikumbira mozama. Mitengo yopingasa amaimanga mfundo ziwiriziwiri. Mwini wake amaligwedeza ndi dzanja asanayale nsomba, ndipo likangolira amalimanganso. Zonsezi pofuna kuti usipa, umene unafa kale, usagwere mumchenga.

Usipa timaupatsa mphanda zinayi. Munthu wamoyo timamupatsa mano awiri ndi thabwa losamanga.

Ndipo si kuti sitidziwa kusamala pa mafolokowo. Masabata awiri apitawo kunabwera magalasi a mawindo a ofesi ya shediyi. Anatsika pa mafoloko omwewo. Pansi tinayala matilesi akale. Magalasiwo tinawamanga ndi chingwe chabuluu chomwe chija, mozungulira katatu. Anthu anayi ankayenda m'mbali atagwirizira, Che Mbwana ali kutsogolo akuyenda chambuyo, akunena kuti, "Pang'onopang'ono, a Banaba, pang'onopang'ono." Tinayamba tachotsa ngakhale timiyala panjira. Palibe galasi linasweka.

Galasi likasweka, kapitawo amakayankha kwa eni ake. Munthu akathyoka, amayankha ndani, kwa yani?

Musaganize kuti ndi pa ntchito yathu pokha. Yendani m'tauni muno maso ali kumwamba. Mudzaona munthu akukhoma chikwangwani cha sitolo ataimirira pa mafoloko. Mudzaona wina akupenta ataima pa migolo iwiri yosanjikiza. Odutsa amaima, amatulutsa mafoni, amajambula, n'kutumizirana akuseka kuti Amalawi nzeru sitisowa. Timati n'kuchenjera. Koma taonetsetsani amene amakhala pamwambapo. Sindinaonepo mwini nyumba atakwera. Sindinaonepo mwana wake. Amakwera ndi munthu amene akakana, madzulo ake kwawo sikufuka utsi.

Ndilibe pepala la ukatswiri, koma zina ndaziona ndekha. Mafoloko alibe pogwira, alibe chotchinga. Dalaivala ali pampando saona mapazi a munthu ali pamwamba. Kachitsulo kokwezera kaja, chigongono chikangokagunda, mano amapendeka. Paipi ya mafuta ikaphulika, zonse zimatsika nthawi imodzi. Ndipo nthaka yathu kuno ndi mchenga, lero yalimba, mawa yatitimira. Ndimamva kuti kwina, akafuna kukweza munthu pa makina otere, amagwiritsa khola lachitsulo lopangidwira zimenezo, lomangirira ku mafoloko, munthuyo atavala lamba, ndipo makinawo sayenda iye ali m'mwamba. Ngati n'zoona, kuno sindinalionepo. Koma nsanja ya bulugama yokha tonse timaidziwa. Makolo athu anamangira mizikiti ndi matchalitchi, tisanaone thalakitala.

Ndiye n'chifukwa chiyani palibe amanena?

Ndadzifunsa kwambiri. Pantchito yathu, wachinyamata salankhula chifukwa anaphunzitsidwa kuti kuwongolera wamkulu n'chipongwe. Mmisiri salankhula chifukwa pa geti m'mawa uliwonse pamaima anthu ena ofuna ntchito yomweyo. Dalaivala ndi wobwereka. Kapitawo akuopa eni ake, ndipo eni ake ali kutali, amangoimba foni kufunsa kuti mwafika pati. Aliyense ali ndi womuopa. Ndiye timabisa manthawo ndi nthabwala, ndipo amene wanena za chingwe ndi amene amasekedwa.

Ku sukulu ya kwathu aphunzitsi ankalemba pa lipoti langa chaka ndi chaka kuti mwana waulemu. Amayi anasunga malipoti onsewo m'sutikesi. Ulemu umenewo ndi umene unandipangitsa kunong'ona pamene ndinayenera kukuwa.

Lachitatu ndinakhala kuchipatala tsiku lonse. Anthu atachepa, amalume anandikodola kuti ndiyandikire.

"Mawa upite kuntchito," anatero.

"Amalume, nanga inu akusamalani ndani?"

"Amayi ako alipo. Iwe tamvera. Ukajomba, Che Mbwana aiwala kuti tinalipo. Kunyanja mwina chaka chino sindibwererako. Koma pulasitala ndingapake ngakhale nditatsamira ndodo. Ukandisungire malo. Chimene akutume, uchite. Usandichititse manyazi."

Ndinati, "Chabwino, amalume."

Lachinayi m'mawa ndinayenda wapansi kupita kuntchito, ndipo njira yonse ndinkayeserera mawu. Ndinawakonza bwino, aulemu koma omveka: Che Mbwana, pepani, ntchito ina iliyonse ndigwira, koma pamwamba sindikwera popanda nsanja. Ndinawabwereza podutsa pamsika, ndinawabwereza podutsa pa okwera kabaza, mpaka mayi wina wogulitsa mandasi anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Nditafika ndinapeza pamene anagwera amalume atasesapo. Thabwa lija linali litatsamira khoma.

Che Mbwana anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Twaibu, amalume ako adzuka bwanji? Mulungu awapatse mphamvu. Ndinawaona dzulo, akuoneka olimba." Kenaka anayang'ana kumwamba. "Khoma lija latsala theka. Amisiri enawa ndi olemera matupi. Iwe ndiwe wopepuka, ndipo dzanja la amalume ako unalitengera."

Mawu anga aja anali okonzeka pakamwa. Koma kumbuyo kwake kunali mawu a amalume akuti chimene akutume, uchite. Ndinaona nkhope ya Che Mbwana, munthu wa msinkhu wa bambo anga, amene timaswali naye mzere umodzi mu mzikiti, amene dzulo lake anapita kuchipatala ndi shuga ndi buledi.

Ndinati, "Chabwino, bambo."

Ndikudziwa chimene mukuganiza. Nanenso ndikuganiza chomwecho.

Chimodzi chokha ndinachita. Ndinapita ku chitsime, ndinamasula chingwe pa ndowa, ndinabwera nacho n'kuyamba kumanga thabwa ku mano aja.

"Taonani mphwa wa Che Kasimu," anatero mmodzi wa amisiri. "Akumanga mbuzi ya Idi."

"Musiyeni, akufuna akafike kwa apongozi ndi miyendo yonse," anayankha wina.

Ulendo uno sindinaseke. A Banaba anatsika pa thalakitala, chinthu chimene sachita kawirikawiri, n'kubwera kudzakoka mfundo zanga kuti aone ngati zagwira. Nthabwala zinali zitawathera. Anatenga mabuloko awiri n'kutsekera matayala.

Ndinawafunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, inu bwanji osakana?"

Anayankha osandiyang'ana. "Ndikakana ine, abweretsa dalaivala wina amene sanaonepo munthu akugwa. Bola ine, mwana wanga. Ukafuna kusuntha undiuze, ndikutsitse kaye. Akalankhula akalankhule."

Kenaka anandikweza.

Pansi ukamayang'ana, pamaoneka pafupi. Ukakhala pamwamba m'pamene umadziwa. Injini imanjenjemeretsa thabwa, kunjenjemerako n'kulowa m'mawondo. Dzanja limafuna pogwira, koma kutsogolo kuli khoma la matope aawisi, kumbuyo kulibe kanthu. Ndinkaona madenga a anthu, mitengo ya migwalangwa, ndi mitu ya anzanga ili ngati zipewa zoyala pansi.

Ndinazindikiranso chinthu chimene amalume sananene. Mafoloko aja amatsika okha. Mafuta amadontha penapake, ndiye mzere umene ndayamba kupaka uli pachifuwa, pakapita kanthawi uli pachibwano, kenaka uli pamphumi. A Banaba akaona choncho amakweza pang'ono, ndipo kukwezako sikubwera mofatsa, kumabwera ngati wina wakukankha kumapazi. Nthawi iliyonse beseni linkasuntha, mtima wanga n'kusuntha nalo.

Anandikweza ndi kunditsitsa kasanu. Ulendo wachitatu Che Mbwana anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "A Banaba, mukumutsitsatsitsa ngati mkwatibwi bwanji?" A Banaba anakhala ngati injini yawatseka makutu.

Khoma linatha dzuwa litapendeka. Nditaponda pansi, ndinakhala pa wilibala. Ndinadziuza kuti palibe kanthu, malo a amalume ndawasunga.

Lachisanu titabwerako ku swala, ndinapeza munthu wachilendo akusakaniza matope pamene amalume amasakanizira. Anali ndi zipangizo zakezake m'thumba la feteleza. Anati wachokera ku Namwera, wayamba lero.

Ndinawatsatira Che Mbwana kuseri kwa shedi. Aka kanali koyamba kuti ndiwafunse funso asanandifunse iwo.

"Bambo, pepani. Nanga malo a amalume?"

Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mwana wanga, shedi iyi itha amalume ako asanadzuke pa bedi. Ndiye ndiimitse ntchito? Ndipo taganiza wekha. Ntchito zathu zambiri n'zam'mwamba. Munthu wothyoka ntchafu ndingamukwezenso pa mafoloko? Anthu angati ndine munthu wotani?"



"Koma iwe wandisangalatsa," anapitiriza. "Khoma la gebulo lakumbuyo ndi lako, Lolemba."

Mwamva, owerenga? Kukweza munthu wothyoka n'kumene kungakhale nkhanza. Kukweza wamiyendo yonse kuti akathyoke, imeneyo ndi ntchito. Ndipo choopsa n'chakuti Che Mbwana ankanena ndi mtima woyera. Si munthu woipa. Ndikanakonda akanakhala woipa, bwenzi ndili ndi womuda, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndi munthu wabwino amene anazolowera, ngati mmene tonse tinazolowerera.

Loweruka m'mawa eni shedi anabweradi. Anatsika m'galimoto, anazungulira nyumba, anaima pansi pa khoma lija n'kuloza ndi kiyi. "Mbali iyi yaongoka bwino. Koma iyi bwanji yakhala ngati mafunde?" Mbali yoongokayo ndi ya amalume. Ya mafundeyo ndi yanga. Sanafunse kuti tinafikako bwanji pamwamba popanda nsanja. Sindikudziwa ngati anauzidwa kuti pamene anaimapo panagwera munthu.

Masana ndinapita kuchipatala. Amayi anali pa mpando akusenda lalanje. Amalume sanadikire kuti ndimalize moni.

"Che Mbwana akuti bwanji?"

Ndinayang'ana mwendo wawo uli chimangire, ndinayang'ana amayi. Choonadi chinali chachifupi, mawu atatu okha. Koma ndinaona mmene anatukulira mutu pa pilo kudikira yankho.

"Malo alipo, amalume," ndinatero.

Anapuma mozama n'kugonekanso mutu. "Ndinadziwa. Munthu uja ndi wachilungamo." Patapita kanthawi anati, "Ndamva kuti unakwera."

"Ndinakwera."

Amayi anasiya kusenda. Ine ndinadikira. Ndinkafuna mawu amodzi okha kwa munthu wamkulu, kwa iwo makamaka, amene akudziwa kuwawa kwake kuposa wina aliyense. Akanangoti usadzakwerenso, bwenzi Lolemba ndikupita kwa Che Mbwana ndi mawu a amalume anga, osati anga.

Anandikodola kuti ndiweramire pafupi.

"Uziima pakati," anatero. "Phazi lililonse pamwamba pa chitsulo. Ndipo thabwa likapendeka usalithandize. Khala pansi, ugwire. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Amayi anapitiriza kusenda lalanje lija, ngakhale linali litatha kale kusendeka.

Ndi malangizo abwino, ochokera mu chikondi. Ndi momwe zinthu zimayendera kwathu kuno: amene wagwa saletsa wotsatira, amangomuphunzitsa kaimidwe. Ine ndikadzagwa, ndidzaphunzitsa wina kamangidwe ka chingwe, iyenso adzawonjezera kake, ndipo nsanja sidzamangidwa.

Mawa ndi Lolemba. Malo amene ndinakwerera anapita kale, koma ndikakana, anganso apita, ndipo nyumba ziwiri zikhala zikuyang'ana ine. Sindikulonjezani kuti ndikana. Mwaona kale mmene pakamwa panga pamachitira.

N'chifukwa chake ndikutembenukira kwa inu amene mawu anu amamveka mukangolankhula kamodzi. Inu omangitsa, inu akapitawo, inu akuluakulu a mzikiti ndi a mpingo amene mumadutsa pa nyumba zomangidwa tsiku lililonse, inu a boma oyendera malo antchito. Kwa inu, kunena kuti "mutsitseni munthuyo" sikungakuchotseni ntchito, sikungakupatseni dzina la wamwano, ndipo palibe angakusekeni.

Kodi mukudikira kuti ayambe ndine, amene ndalephera kuuza ngakhale amalume anga zoona?